Mbuzi imadya pomwe yamangidwa

Akuluakulu ponena kuti mbuzi imadya pomwe yamangidwa ankaganiza za msipu. Ife mwambiwu tidaupereka kwa anthu a zala zazitali pantchito. Koma amene akudyerera nawo kwenikweni ndi olemba mabuku achikondi akunja, omwe mwina sadaumvepo n'komwe.

Nzeru yawo ndi yachidule. Munthu amalowa mu ofesi m'mamawa, kuweruka dzuwa litapendeka, kunyumba amangokagona. Nanga mtima ukadyere kuti? Umadya pomwepo, pakati pa kompyuta ndi ketulo ya tiyi. Kampani ya Mills & Boon, yomwe idayamba ku London mu 1908, yakhala ikukolola pamsipu umenewu kwa zaka zambiri: lero dokotala ndi namwino, mawa bwana ndi sekilitale. Ambiri tikukumbukira timabuku timeneti, tothothoka zikuto, tikuyenda mobisa pansi pa madesiki kusekondale.

Olemba amakono angofupikitsa chingwe. Mu The Hating Game, buku la Sally Thorne la mu 2016, Lucy ndi Joshua amakhala pamatebulo oyang'anizana pakampani yosindikiza mabuku. Amadana kodetsa kukhosi, ndipo akulimbirana udindo umodzi. Musadandaule, sapita patali asanapsompsonane mu lifiti. Mu The Spanish Love Deception la Elena Armas, la mu 2021, Catalina wanamiza abale ake kuti ali ndi chibwenzi, ndiye akutenga Aaron, mnzake wa kuntchito yemwe samuonera kukondwa, kupita naye ku ukwati wa mkulu wake ku Spain. Kuno bodza lotere silingafike pa perekaniperekani. Azakhali angomukhazika pampando mnyamatayo: "Kodi bambo, kwanu n'kuti? Mfumu yanu ndani? Ankhoswe anu ali kuti?" Buku lathera pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti m'maofesi a m'mabukuwa ntchito imagwirika yokha. Malipiro sachedwa, ngongole ya katapila kulibe, ndipo chinsinsi chimasungika mpaka tsamba la 200. Ofesi yeniyeni ili ndi mlonda amene amaona yemwe watsika galimoto ya yani, mesenjala amene amadziwa chitseko chomwe chimatsekedwa pa lanchi, ndi mayi woyeretsa amene wapeza ndolo pomwe sipayenera kupezeka ndolo. Inu mukamati "tisauze munthu", gulu la WhatsApp lomwe simulimo lasankha kale mtundu wa chitenje cha paukwati.

Chachikulu chimene olembawa amachizemba ndi chingwe. Buku limatha anthu akukondana, koma chibwenzi chikatha mbuzi imakhalabe pachikhomo chomwecho. Lolemba m'mawa muli pamsonkhano, ndipo amene wakublokani Loweruka ndiye akulemba maminitsi. Zimanyanya ngati munakondana ndi bwana, pakuti wogwira chingwe ndi yemweyo: amasainira tchuthi chanu, alawansi yanu, ngakhale kalata yokuchotsani. Helen Fielding adayesako kunena zoona mu Bridget Jones's Diary mu 1996. Bridget atakhumudwitsidwa ndi bwana wake Daniel Cleaver, adasiya ntchito n'kukapeza ina pawailesi yakanema. Ku London zimenezo zimatheka. Kuno kuli anthu a madigiri amene nsapato zatha n'kuyenda ndi maenivelopu a khaki.

Mabukuwa werengani, amachotsa kutopa mu minibasi. Koma musanayankhe kumwetulira kwa wa tebulo loyandikana nalo, gwirizanani kaye kuti zikadzavuta adzasiye ntchito ndani.