Galu wa aneba alibe ntchito

Kuno ku Mangochi galu sagulidwa, amapemphedwa. Ukamva kuti kwa Che Uje galu waswa, umapitako ndi mawu okoma, n'kubwerako ndi kamwana kagalu m'katoni ya sopo. Akakula, chakudya chake ndi makoko a mumphika ndi mitu ya usipa, ntchito yake kuuwa usiku wonse. Dzina amamupatsa Tiger kapena Jeki, koma ngati mwini wake sakumwerana madzi ndi oyandikana nawo, amamutcha Adaniwanga, kuti pomuitana madzulo uthenga uzifika kuseri kwa mpanda.

Ndiye dera lonse linachita kukhamukira pa geti aneba athu, bambo opuma pa ntchito ya boma, atalengeza kuti akupita kukatenga galu "woti amulere". Nzeruyi inachokera kwa mwana wawo wamkazi wa ku Johannesburg, amene anawauza pa WhatsApp kuti kusungulumwa kumakweza BP. Malo otengako agalu oti uwalere alipodi. Ku Blantyre kuli bungwe la BSPCA, ku Lilongwe kuli LSPCA lomwe linayamba mu 2008, ndipo onsewa amatola agalu ndi amphaka otayidwa, kuwachiritsa, kuwabaya katemera, kenako n'kuwafunira makomo atsopano.

Aneba ankayesa kuti akangoloza chala, "uyu", basi anyamula. Kumene anapitako anawapatsa mpando n'kuyamba kuwapanikiza. Mpanda muli nawo? Azigona pati? Mukapita kumaliro kwa masiku angapo, atsala ndi ndani? Bambowa anakwatitsa ana aakazi atatu, koma palibe mkamwini amene anafunsidwapo mafunso ochuluka chotere. Anakhoza mayesowo, n'kupatsidwa kagalu ka mtundu wa French bulldog, kamene mwini wake anakasiya pobwerera kwawo kunja.

Atatsika minibasi, anyamata a kabaza anasiya kukanganirana makasitomala. Kagaluko nkhope yophwatalala ngati kanagunda khoma kakuthamanga, makutu ali chilili, mchira wongoyerekeza. Mmodzi anavula chipewa mwaulemu.

"Pepani bwana, tisalakwitse. Kameneka ndi kagalu kapena kankhumba?"

M'tauni ya Asilamu ochuluka ngati ino, funso limeneli si lanthabwala, chifukwa wa kabaza ayenera kudziwa chimene akukweza pa keliyala yake. Ngakhale atatsimikiza kuti ndi galu, nkhani sinathe. Galu kuno malo ake ndi panja. Che Uje, amene kale ankangolowa n'kudziponya pa sofa, tsopano amaimira pa geti n'kufuula "Odi!" kawiri katatu. Akudziwa kuti sofayo ali ndi mwini watsopano, wokonda kunyambita alendo, ndipo iwo sakufuna kukasinthanso zovala asanapite ku mzikiti.

Kenako unafika Okutobala, mwezi umene phula la pa mlatho wa Bakili Muluzi limatentha mpaka kudutsa m'patapata. Galu amadziziziritsa powefuka, koma mtundu uwu mphuno yake ndi yaifupi, mpweya sudutsa bwino, moti kutentha kukhoza kumupha. Choncho fani imodzi yokha ya m'nyumbamo inasamukira kwa galu, mayi a kunyumba n'kumadzikupiza ndi chikuto cha kope. Magetsi akazima, aneba amagwada pansi ndi lichero kumukupiza mlendo wawoyo, munthu amene kuyambira tsiku la chinkhoswe sanagwirepo lichero.

Tsiku lina anaganiza zokamupitsa mphepo ku Nkopola. Agalu achikuda a m'mbali mwa nyanja amadumphira m'madzi osaphunzitsidwa ndi munthu. Uyu mutu ndi chifuwa n'zolemera, miyendo yaifupi, akalowa pakuya amamira. Mwana wa ku Joni anali atatumiza kale jekete yoyandamitsa, yofiira, ya saizi yake. Asodzi amene amagona pakati pa nyanja m'bwato, opanda jekete iliyonse, anasiya kusoka maukonde n'kumangoyang'ana. Mkulu wina anafunsa ngati ya anthu imapezekanso kusitolo komweko.

Za chakudya tisachite kunena. Usipa umamutsegula m'mimba, ndiye amadya za m'thumba zochokera ku Blantyre. Khadi yake ya katemera wa chiwewe imasungidwa m'pulasitiki limodzi ndi mapepala a nyumba, pamene buku la kuchipatala la aneba eni ake linasowa kalekale.

Pa geti anakhoma chikwangwani: CHENJERANI NDI GALU. Komatu galuyo sauwa. Usiku chimene chimamveka ndi mkonono wake, moti anyamata oyenda usiku ankayesa kuti ndi abambo a pakhomopo agona tulo tofa nato.

Zinthu zinatembenuka mnyamata wina wobwera ku Joni atamuona, n'kunena pa bawo kuti kumeneko kagalu kotere kamagulidwa ndi ma rand masauzande ambirimbiri. Pasanathe sabata aneba analemba mlonda. Ntchito yake kulondera galu. Ndipo onse aja ankaseka anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi chambo chachiwisi, wina ndi mango a maboloma, kudzaona "mmene mwana wagonera". Dzulo kunabwera achimwene a ku Mpondasi, akukoka galu wawo wamkazi pa chingwe cha sisala, atamusambitsa ndi sopo wonunkhira.

"Tati tidzacheze, bwana. Ana akabadwa tidzagawana pakati."

"Pepani achimwene," anatero aneba, "kumene ndinakamutenga kuja anamufula kale. Sapereka galu wosafula."

Achimwenewo anayang'ana galu wa pa sofa, anayang'ana wawo, kenako anakumbukira nkhuku imene anali atapereka kale kwa mayi a kunyumba.

"Nanga nkhuku ija mwazinga kale?"