Tiyi wa alamu pa siteji ya Lilayi

Loweruka m'mamawa ndinali pa siteji ya Lilayi kudikira minibasi yopita ku tauni. Achinyamata a ku koleji ya apolisi anali atangodutsa akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Pambali panga panaima amayi awiri, wina atanyamula fulasiki.

"Alamu, chitenge chayamba kukuzungulirani kawiri! Mwatani kodi?"

"Ndi tiyi, alamu. Ndimagula kwa mtsikana wina wa pa WhatsApp, timakumana ku Kabwata. Miyezi itatu yokha, makilogalamu 5 apita."

"Tiyi yekha basi?"

"Ee. Kungoti vitumbuwa ndinasiya. Nsima ndimadya mtanda umodzi, chibwabwa chambiri. Ndipo chindiuzireni a dokotala za BP, m'mawa uliwonse ndimayenda kukafika ku Kafue Road n'kubwerako."

"Nanga tiyiyo amagwira ntchito yanji?"

"Amatsuka. Usiku ndimadzuka kawiri, nthawi zina katatu."

Mawu amenewa anandipweteka mumtima. Mayiyu wavutikira thupi lake miyezi itatu, wayenda m'fumbi, wadzimana zimene amakonda, koma ulemu wonse akuupereka kwa kapaketi. Matiyi ambiri oondetsa amakhala ndi masamba a senna, omwe ndi mankhwala otsegula m'mimba. Chimene chimachoka usikuwo ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, mafuta ali pomwepo. Munthu akazolowera, potaziyamu amachepa m'magazi, ndipo mtima sugunda bwino popanda iye. Kwa amene akumwa kale mapilitsi a BP okodzetsa, vutolo limakula msanga.

Palinso choopsa china. Mankhwala otchedwa sibutramine anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa ankawonjezera matenda a mtima ndi sitiroko, komabe akhala akupezeka atabisidwa m'matiyi ndi m'makhofi olembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha. Kuno tili ndi ZAMRA, bungwe lomwe lamulo la 2013 linalipatsa udindo woyang'anira mankhwala, koma paketi yoperekedwa pamanja pa Kabwata yadutsa pa khomo la yani?

Mnzake uja anatsitsa mawu.

"Koma alamu, apongozi sakunena kanthu? Paja kwathu munthu akaonda amayamba kunong'onezana za kaliondeonde."

"Ananena kale. Ati mwana wawo sakundidyetsa. Ndinawaonetsa kabuku ka ku kiliniki, anangoti zii."

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinapepesa polowerera nkhani ya eni, n'kupempha kuona paketiyo. Anaitulutsa m'chikwama mosanyinyirika. Kutsogolo kunali chithunzi cha mtsikana wa chiuno ngati mavu. Kumbuyo kunalibe dzina la opanga, kunalibe mndandanda wa zosakanizamo, ngakhale tsiku lothera mphamvu.

"Amayi," ndinatero, "a nesi amene amakuyezani BP anauonapo tiyi ameneyu?"

"Ayi, bambo. Ndimati poti ndi tiyi chabe."

Anaitembenuza paketiyo kawiri, akufunafuna zolembazo ndi chala. Minibasi inafika, kondakitala akukuwa "Tauni, tauni!" Alamu awo anakwera, iwo anatsala.

"Pitani, alamu, ine lero sindinayende. Lolemba ndili ndi sikelo ku kiliniki, ndikawaonetsa a nesi."

Anaika fulasiki m'chikwama osatsegula, n'kuuyamba wapansi kulowera ku Kafue Road.