Ndidinde Chala Ndisanamve?

Odziwa za chipatala, tandithandizani. Kuno ku Lundazi mwana akamatuluka mafinya m'khutu chaka ndi chaka, mankhwala odontheza atalephera, amamulembera kalata ya ku Chipata, mwinanso mpaka ku Lusaka, ku UTH kapena ku Beit CURE, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi. Asanamugonetse kuti amuchite opaleshoni, kholo amalipatsa pepala kuti lisayine kapena lidinde chala, kusonyeza kuti lamva zonse ndipo lavomera. Nanga amadziwa bwanji kuti lamvadi?

Akuti mtsempha wogwedeza nkhope umadutsa m'fupa la khutu momwemo, ndipo ukavulala pakamwa pamapotoka, diso n'kumakana kutsinzina. Kuseri kwa nembanemba ya m'khutu kulinso kamtsempha kena kamene kakakhudzidwa ndiwo zimasiya kukoma bwino. Akuti sizichitikachitika, ndipo ndikukhulupirira. Koma mayi wa kwa Mphamba amauzidwa zimenezi m'chilankhulo chanji? Pepala likakhala la Chingerezi, womasulira wa Chinyanja cha m'tauni, mayiyo wa Chitumbuka, ndiye kuti wavomera chiyani?

Chimene chimandisautsa kwambiri ndi wodwala wamkulu. Chamubweretsa ndi khutu losamva, ndipo mawu onse ofotokoza ayenera kulowa m'khutu lomwelo. Adokotala akavala chotchinga pakamwa, ngakhale milomo saiona. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula umati "inde bwana". Kodi inde wa ulemuyo amawerengedwa kuti ndi chilolezo? Sangamujambulire khutulo papepala, kenako n'kumuuza kuti abwereze yekha zimene wamva?

Akutinso munthu ali ndi ufulu wokana. Koma mayi uja wagulitsa chimanga, wayenda makilomita oposa 700, ndalama yotsala ndi yobwererera basi. Angakane bwanji? Akanena kuti ayambe waimbira amalume a mwanayo kapena bambo ake, tsiku lake amusungira, kapena apatsa wina? Bwanji nkhani yonseyi osayamba kuikamba konkuno ku Lundazi, pa tsiku lolemba kalata, abale ali pafupi?

Ambiri amapita akuganiza kuti abwera akumva ngati kale. Chonsecho opaleshoni ina cholinga chake n'kungoumitsa khutu kuti matenda asafike ku ubongo, ndipo chigamba cha pa nembanemba nthawi zina sichigwira. Ndani amamuuza mayi uja zimenezi asanapake inki pa chala?