Fodya wa Pachala ndi Chingwe cha USB

Foni yamakono ikalumikizidwa ku laputopu ndi chingwe cha USB, pamachitika chimodzi mwa zinthu zitatu. Mwina zithunzi ndi mafayilo zimaonekera pa kompyuta monga momwe opanga zipangizozi analonjezera. Mwina foni imangoyamba kutchaja ili phee, ngati sinamve kanthu. Mwinanso dzina la foni limaonekera ndithu, koma munthu akalitsegula amapeza mulibe kalikonse. Choyambacho sichifuna kufotokoza. Ziwiri zinazo ndi zimene zimachititsa anthu aulemu wawo kuuzira mpweya m'kabowo ka foni ndi kuuza makina mawu osayenera kumveka pali ana.

Akuluakulu akale analiona vutoli magetsi asanafike n'komwe, ndipo anati: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ankanena za fodya wopera, amene munthu amatapa m'kasupa ndi nsonga za zala kuti afwenkhe. Kuchoka pachala kukafika pamphuno si patali, koma mphepo imagwira ntchito yake yonse pakamtunda kameneko. Zithunzi za chinkhoswe, makanema a kwaya, satifiketi yojambulidwa ndi kalata yofunsira ntchito, malinga zili m'foni mokha, ndi fodya wa pachala. Mphepo yake ndi wopisa m'matumba pa depoti, ndowa ya madzi ochapira, dzenje la chimbudzi, ndi mwana wa zaka ziwiri amene wapatsidwa foni kuti atonthole. Laputopu ndiyo mphuno, chingwe ndiwo mkono wonyamula fodyayo. Fodya akalephera kufika, chofunika n'kudziwa pamene mkonowo waumira.

Woyamba kumuganizira ndi chingwe, ngakhale anthu ambiri amachiganizira komalizira ponena kuti "chikutchaja bwinobwino". Chingwe chokwanira cha USB 2.0 chimakhala ndi mawaya anayi mkati. Awiri, amene nthawi zambiri amakhala wofiira ndi wakuda, amanyamula magetsi a mavoti 5. Awiri enawo, woyera ndi wobiriwira, ndi amene amadutsitsa mafayilo. Zingwe zambiri zobwera ndi tochi yotchaja, kasipika ka m'manja kapena power bank, pamodzi ndi zina zotsika mtengo za pamsika, zili ndi mawaya a magetsi okha, ndipo kunja zimafanana ndendende ndi zinzake. Chingwe chotere sichinawonongeke. Chinabadwa choncho, ndipo kuchizula n'kuchilowetsanso kakhumi sikumeretsa mawaya. Chimadziwika ndi chete wa mbali zonse: batire likudzadza, koma laputopu sinalire kamawu kake kolandirira chipangizo, foninso siikufunsa chilichonse. Mankhwala ake ndi chingwe china, makamaka chimene chinabwera m'katoni ya foniyo. M'makomo ambiri chingwe chimenecho anabwereka mlamu chaka chomwe foni inagulidwa, ndipo nkhani yake siyambidwanso pofuna kusunga ubale.

Chingwe chikakhala chabwino, maso atembenukire ku kabowo ka foni. M'menemo mumadzadzana fumbi ndi ubweya wa m'thumba la buluku, zimene chingwe chimazisindikiza tsiku lililonse mpaka kuuma gwa, moti mutu wa chingwe sulowanso wonse. Zimachotsedwa foni ili yozimitsa, ndi kamtengo kotokosera m'mano, mofatsa. Singano ndi phini zimachotsa fumbi pamodzi ndi timano ta mkati, ndipo zikatero nkhani imasamukira kwa wokonza mafoni. Kumbali ya laputopu, bowo lina liyesedwe, osadzera pa kachipangizo kochulukitsa mabowo. Mutu wa USB-C, umene unabwera mu 2014, umalowa mbali iliyonse. Mutu waukulu wakale uja, wolowa ku laputopu, udakasungabe mwambo wake wokana koyamba, kukana kachiwiri ukatembenuzidwa, n'kulola kachitatu m'mene unakanira poyamba paja.

Chifukwa chofala kwambiri, komanso chochititsa manyazi chikadziwika, n'chakuti foni sinauzidwe. Kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, foni ikalumikizidwa imaganiza kuti yabwera kudzadya magetsi basi. Kuti itulutse mafayilo, iyenera kukhala yotsegula, pini kapena chala cha mwini wake zitavomerezedwa kale. Kenako munthu amakokera pansi mndandanda wa mauthenga kuchokera pamwamba pa sikirini, n'kufunafuna kauthenga ka USB kamene kamabisala pansi penipeni, kunsi kwa mavesi a m'mawa ndi mauthenga a gulu la maliro, n'kusankha File transfer. Foni yokhoma ndi imene imaonetsa dzina lake pa kompyuta koma mkati mopanda kanthu. Khalidwe limeneli limakwiyitsa, koma lili ndi nzeru. Foni zambiri zimagona masana onse pa shelefu ya otchajitsa kapena ku babashopu, pakati pa zingwe zosadziwika kumene zikupita, ndipo foni yomasula zinsinsi zake kwa chingwe chilichonse ikanapasula mabanja ambiri. Amene watopa ndi kusankha tsiku lililonse angathe kudina kasanu ndi kawiri pa Build number, mu Settings, kuti patseguke Developer options, mmene muli Default USB configuration. Zina zonse za m'chipinda chimenecho ndi bwino kungoziyang'ana.

Amene anagwiritsapo ntchito mafoni a Android oyambirira amanena kuti kale zinthu zinali zosavuta, ndipo pa nkhani iyi yokha akunena zoona. Foni inkaonekera pa kompyuta ngati fulashi, ndi chilembo chake, E kapena F. Koma kuti itero inkayenera kupereka memori khadi yonse kwa kompyuta n'kuisiya osaikhudza, moti nyimbo ndi mapulogalamu okhala m'menemo ankaima kaye. Kuyambira pa Android 3.0 mu 2011, njirayi inayamba kulowedwa m'malo ndi MTP, imene inapangidwa ndi Microsoft pokulitsa njira ya makamera yotchedwa PTP, ndipo bungwe loyang'anira za USB linaivomereza mu 2008. Pa MTP foni siipereka kasupa yense. Imagwira kasupa yokha, kompyuta n'kumapempha, foni n'kumatapa pang'onopang'ono, fayilo imodzi ikatha ina. N'chifukwa chake foni ilibe chilembo pa Windows, n'chifukwa chake munthu sangatsegule foda ina momasuka pamene ina ikukopedwa, ndipo n'chifukwa chake mapulogalamu awiri akaifuna nthawi imodzi, ina imabwerera chimanjamanja. USB 2.0 imalonjeza mamegabiti 480 pa sekondi, ndipo mafoni ambiri a bowo la USB-C amayendabe pa liwiro lomwelo. Lonjezolo limaoneka loona pa kanema mmodzi wamkulu. Pa tizithunzi masauzande ta "mwadzuka bwanji" tokhala ndi maluwa, kompyuta imalengeza kuti kwatsala mphindi 4, kenako maola 2, kenako imasiya kulengeza.

Nthawi zina mphuno ndi imene ili ndi chimfine. Pa Windows, Device Manager imaonetsa foni yosamveka ndi kachizindikiro kachikasu ka makona atatu. Zikatero driver yake imachotsedwa, chingwe n'kuzulidwa n'kulowetsedwanso kuti Windows iyambirenso kuizindikira, kapena munthu amasankha yekha MTP USB Device pa mndandanda. Pali mtundu wina wa Windows wokhala ndi chilembo N kumapeto kwa dzina. Unapangidwira msika wa ku Ulaya European Commission itagamula mu 2004 kuti Microsoft izigulitsanso Windows yopanda Windows Media Player, ndipo pulogalamuyo pochotsedwa inapita limodzi ndi zida zolankhulira ndi foni. Laputopu yogwiritsidwapo kale yochokera ku Ulaya ingathe kufika ku Lilongwe kapena ku Chipata ndi chilema chimenechi, ndipo imachira ikaikidwa Media Feature Pack. Ndi mlandu wogamulidwa ku Brussels umene chilango chake chimagwera munthu wofuna kusindikiza zithunzi za ubatizo.

Makompyuta a Apple paokha salankhula MTP, choncho foni ya Android imafuna womasulira monga OpenMTP. Pofuna zithunzi zokha, foni ikaikidwa pa PTP imatha kuoneka mu Image Capture. Pa Linux, lamulo la lsusb limauza munthu ngati kompyuta yaona foni n'komwe. Ikakhala kuti yaiona koma ikukana kuitsegula, kawirikawiri pakusowa tizigawo ta MTP ta gvfs, kapena kio-extras kwa ogwiritsa ntchito KDE, kapena pulogalamu ina ya zithunzi yathamangira kugwira foniyo poyamba. Ogwiritsa ntchito Linux amathetsa vutoli ndithu, koma amafuna kuti aliyense amene ali pafupi amve momwe alithetsera.

Nayo iPhone ili ndi mwambo wakewake. Kuyambira pa iOS 7 mu 2013 imafunsa mwini wake ngati akuikhulupirira kompyuta imene yalumikizidwayo, funso limene anthu ambiri sanadzifunsepo za laputopu ya ku ofesi. Wodina Don't Trust mwangozi amangozula chingwe n'kulowetsanso kuti afunsidwe kachiwiri. Kuyambira mu 2018, iPhone imene yakhala yokhoma kwa ola lathunthu imatseka njira ya mafayilo mpaka itatsegulidwa. Ndipo ngakhale zonse ziyende bwino, pa Windows imangoonetsa zithunzi ndi makanema basi. Zina zonse zimatsala m'kasupa.

Foni ikatseguka pa kompyuta, ntchito imasanduka yofunafuna. Zojambulidwa ndi kamera zimakhala mu foda ya DCIM. Zobwera pa WhatsApp, zimene kwa anthu ambiri ndizo chuma chenicheni, zinasamuka m'nthawi ya Android 11. Kale zinkakhala poyera mu foda ya WhatsApp, pano zimapezeka polowa mu Android, kenako media, kenako com.whatsapp, kenako WhatsApp, kenako Media. Ambiri amafika pakhomo loyamba, osaona foda yawo, n'kuyamba kulira maliro a zithunzi zimene zili moyo. Pa mafoni ena, fayilo yongosungidwa kumene nthawi zina sioneka chifukwa kompyuta imaona zokhazo zimene foni yalemba m'kaundula wake, ndipo kuzimitsa foni n'kuiyatsanso kumaikakamiza kuwerenganso katundu wake.

Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu kuposa zonse, ndipo imabwera ndi mawu awiri oyandikana pa mndandanda: Cut ndi Copy. Wosankha Copy amasiya fodya pachala kwinaku wina akupita kumphuno. Wosankha Cut amaponya fodya m'mwamba n'kutchera mphuno. Chingwe chikagwedezeka pakati pa ulendo, kapena magetsi akazima pa laputopu imene batire lake linafa kalekale, zimavuta kudziwa zimene zawoloka bwino ndi zimene zafika zoduka. Munthu wanzeru amakopera mafoda pang'onopang'ono, osati onse pakamodzi, amafananiza chiwerengero cha mafayilo mbali zonse ziwiri, amatsegulako angapo kuti aone ngati ali amoyo, ndipo akatero m'pamene amafufuta za m'foni. Uthenga wa "Storage almost full" umachititsa anthu phuma, koma foni yodzadza sinaphepo munthu.

Chingwe chikakanika ndithu, njira zina zilipo. Bluetooth imawolotsa zithunzi zochepa kwa munthu amene alibe kopita tsiku limenelo. Quick Share imatumiza kuchoka pa Android kupita pa Windows popanda chingwe. Fulashi ingathe kulumikizidwa ku foni kudzera pa kachipangizo ka OTG, mafayilo n'kukwera basi ziwiri m'malo mwa imodzi. Memori khadi imatha kuzulidwa n'kuwerengedwa pa laputopu, pokhapokha ngati pa tsiku loyamba mwini wake anavomera kuti isanduke mbali ya mkati mwa foni. Khadi yotere imakhomedwa ndi kiyi wodziwika ndi foni yokhayo, ndipo kompyuta ikaiona imapereka maganizo oti iifomate. Maganizo amenewo akanidwe nthawi zonse, ngakhale kompyuta iwapereke mwaulemu chotani.

Vuto lomaliza ndi la foni yosweka sikirini, imene imafika pa laputopu mphepo itaomba kale. Mafoni amakono amasunga zonse mokhoma ndi pini ya mwini wake, choncho foni yosatheka kutsegula siingatulutse kanthu, chingwe chikhale cha mawaya anayi kapena makumi anayi. Ngati sikirini ikuonetsabe koma siikumva chala, mbewa ya kompyuta ingalumikizidwe kudzera pa OTG, pini n'kulembedwa ndi kamuvi. Chovuta n'chakuti mbewayo yakhala pa bowo lomwelo limene chingwe cha laputopu chikufuna, choncho mafayilo amayenera kutuluka kudzera pa Quick Share, Bluetooth kapena memori khadi mbewa ikadali pompo. Sikirini ikakhala yakuda bii, chotsala n'kupita kwa wokonza mafoni kuti aikepo ina, ngakhale yongobwereka kwa ola limodzi, ndipo mwini foni ayenera kukhala pomwepo kuti alembe yekha pini, laputopu ndi chingwe choyesedwa kale zili pamwendo.