Safunsa wagula foni

Safunsa anadya phula, anatero makolo, ndipo takhala tikumuseka munthuyu mibadwomibadwo. Anzake akunyambita uchi, iye ali kalikiliki kutafuna phula, kungoti anachita manyazi kufunsa kuti chodyedwa apa n'chiti. Koma Safunsa uja anasintha. Masiku ano amafunsa mpaka bandulo kutha. Amafunsa foni.

Mvula ikakhathamiritsa nthaka mu Januwale, zitsa ndi zipika zowola za kuseri kwa nyumba zimayamba kuonetsa zodabwitsa. Pachipika china pamatuluka bowa wofiirira, woterera, wopindika ngati khutu la munthu. Ameneyo ku China ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Pachitsa china pamamera chinthu chofiira, chonyezimira, cholimba moti mungachiwiritse kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, nkhuni kutha, icho osafewa. Ndiye pali woyera uja wosanjikizana, wa timizere kunsi, amene amakopa aliyense wopanda ndiwo.

Safunsa amawerama, n'kujambula, n'kuponya chithunzicho pa Facebook: "Abale, uyu ndi wodya?" Mayankho sachedwa. Wina akuti, "Idyani bwana, kwathu timadya ameneyo," osatchula kuti kwawoko n'kuti. Wina walemba "Ameni." Wina ali ku Joni, akuti kumeneko bowa wotere ngwodula kwambiri. Wina akugulitsa nsapato. Pa anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene adzabwere ndi phala kuchipatala.

Akaona kuti anthu akumusokoneza, amatsegula pulogalamu yozindikira bowa pa chithunzi. Mu 2023 akatswiri a zapoizoni ku Australia anatulutsa zimene anapeza atayesa mapulogalamu atatu otere, ndipo imene inachita bwino kuposa zonse inkalondola pafupifupi theka la bowa amene inaonetsedwa. Theka! Dalaivala wa minibasi atakuuzani kuti pa maulendo awiri alionse amafika kamodzi, mungakwere? Chaka chomwecho bungwe la New York Mycological Society linachenjeza anthu kuti pa Amazon pakugulitsidwa mabuku ophunzitsa kufuna bowa olembedwa ndi kompyuta. Mlembi wopanda mphuno, wopanda lilime, wopanda m'mimba, akulangiza anthu za chakudya.

Agogo aakazi akatenga bowa m'manja, amafunsa mafunso amene chithunzi sichingayankhe. Wamera pa mtengo wanji? Wamoyo kapena wouma? Ngati ndi pa bulugamu, ambiri amangopukusa mutu, nkhani yathera pomwepo. Amamutembenuza kuona kunsi, amamununkhiza, amabenthula pang'ono kuti aone ngati atuluke mkaka kapena asinthe mtundu. Amadziwa kuti ndelema ndi manyame n'za pansi, m'nkhalango za misuku ndi mombo, ndipo utale ndi wa pachulu, choncho mukawabweretsera "ndelema" wochokera pa chipika cha mango adzakufunsani ngati mwagona bwino. Koma luso lawo lalikulu ndi mawu atatu amene foni imavutika kuwatchula: "Ameneyu sindikumudziwa, mutayeni." Ndipo akati ngwodya, amadya nawo m'mbale yomweyo. Foni ikakunamizani, iyo imakagona pa chaja bwinobwino.

Safunsa alinso ndi sayansi yakeyake. Akuti bowa akakhala ndi mphutsi kapena wadyedwa ndi nkhono, ndiye kuti alibe vuto. Nkhono zimadya ngakhale Amanita phalloides, bowa amene wapha anthu ambiri kuposa wina aliyense, n'kumapitiriza ulendo wawo mosatekeseka. Chiwindi chili pangozicho ndi chanu. Akutinso kuwiritsa n'kutaya madzi oyamba kumachotsa poizoni. Wa bowa ameneyu saopa moto, saopa dzuwa, saopa mchere. Ndipo musaganize kuti bowa aliyense womera pa mtengo ngwabwino: ku Ulaya ndi ku America kuli kabowa kofiirira kotchedwa Galerina marginata, kamene kamamera pa zipika zowola, kali ndi poizoni yemweyo. Abale athu okhala ku Britain amene amalowa m'nkhalango za kumeneko ali ndi chilakolako cha ndiwo za kumudzi amve bwino pamenepa.

Yoseketsa kwambiri ndi njira yoyamba kupatsa galu. Poizoni ameneyu amakhala chete kwa maola 6 mpaka 24. Galu amadya masana, madzulo akugwedezabe mchira, banja lonse n'kusamba m'manja. Kusanza ndi kutsegula m'mimba kumabwera usiku kapena m'mawa mwake, kwa anthu ndi galu yemwe. Kenaka munthu amayamba kupeza bwino n'kumauza anzake kuti kanali kamalungo chabe, pamene chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Apa nthabwala ziyambe zaima: wodwala atadya bowa wakutchire apite kuchipatala msanga, ngakhale akuoneka kuti wachira, ndipo atenge bowa wotsalayo kuti achipatala amuone.

Bowa woyera wa pa mitengo uja, amene amatchedwa oyster, alimi amamulima m'majumbo odzaza mapesi a chimanga, ndipo amagulitsidwa m'mashopu a m'tauni. Safunsa akuti ngwokwera mtengo. Bandulo ya sabata ino wagula kachiwiri.

Mukamadutsa pa msewu wa M1 nyengo ya dzinja, mudzamuona. Watsika galimoto, waima pa beseni la mayi amene wazula bowa kuyambira ali kamtsikana, ndipo akulozetsa foni pa mulu uliwonse kuti aone ngati mayiyo sanalakwitse. Netiweki ikuvuta, ndiye wakweza dzanja m'mwamba, akuzungulirazungulira. Mayiyo amuyang'ana, ayang'ana mnzake wa tomato, kenaka afunsa mwaulemu wonse: "Achimwene, mukugula kapena mukujambula?"