Mtsamunda Naye Anali ndi Mtsamunda Wake

Mwana wanga anabwera kuchokera kusukulu ndi nkhani imene inandiimitsa mbamu m'malere. Akuti anthu a ku Britain, omwe aja anatilamula kuyambira 1891 mpaka 1964, nawonso analawapo mkwapulo. M'chaka cha 43 AD, mfumu ya Aroma, Claudius, inatumiza asilikali kukalanda dziko lawo, ndipo alendowo anakhazikikako zaka zoposa 350. Mfumukazi Boudica inayesa kuwapirikitsa, mpaka kutentha London, koma inagonja.

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Kenako ndinadziguguda pachifuwa: "Koma ife Angoni a kwa Maseko, mwanawe, kugonjetsa n'kwamagazi. Achewa ankatithawira m'mapiri a Chongoni omwewa."

Mayi a kunyumba, amene ankasenda mbatatesi pakhonde, sanadzutse n'komwe mutu. "Bambo ake, mawu amenewo tabwerezani m'Chingoni."

Ndinatsokomola. Chingoni changa chimayambira pa "Bayethe" n'kutheranso pomwepo. Makolo athu anabwera ndi nthungo ndi zishango, nakwatira akazi a Chichewa, ana n'kuyamwira chilankhulo cha amayi awo. Mkondo unapambana kubwalo, mthiko n'kupambana kukhitchini.

"Pitani ku Chentcherere ndi ku Namzeze mukaone," anapitiriza. "Zithunzi zofiira za pamiyala anajambula Akafula, zoyera ndi zathu Achewafe, za chinamwali ndi gule wamkulu. Mu 2006 a UNESCO anati malo 127 a zithunzi ku Chongoni kuno ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Aroma anu aja anasiya misewu ndi khoma la mfumu yawo Hadrian, lomwe likuonekabe mpaka lero. Nanga inu? Mpanda wa bafa unagwa ndi mvula yoyamba!"

Apa m'pamene ndinaziwerenga bwino. Ndimakhala pamudzi pa apongozi. Munda womwe ndimalima ndi wawo. Pa nkhani za ana anga, mawu omaliza ndi a malume awo. Wogonjetsa wamtundu wanji amene amapempha chilolezo kuti agulitse nkhuku?

Usikuwo ndinaganiza zoukira ngati Boudica. Ndinalengeza kuti sindidya. Kuukirako kunatha mphindi 20, pamene fungo la nkhwani zotendera linandipeza kuseri kwa nkhokwe.

Ndiye mukamadutsa kuno mawa m'mawa n'kuona munthu atasenza mtolo wa tsekera, akunjenjemera ndi chisanu cha ku Dedza, musaseke. Ameneyo ndi Hadrian wa pa Chongoni, akukamanga khoma lake.