Ulendo wa Ana a Aphunzitsi Wagwedeza Tengani

Sabata ino ku Tengani simungatunge madzi pa mjigo, kugula tomato pamsika kapena kukwera kabaza osamvako za ulendo wa ana a aphunzitsi. Nkhani ya mtengo wa chimanga yayamba yapuma, ya kutentha nayo yaikidwa padera. Aliyense ali ndi mbali yake ya ulendowu, chonsecho amene adapitako ndi anthu asanu ndi mmodzi okha: aphunzitsi, akazi awo, ana atatu ndi agogo a anawo.

Mutu wake ndi uwu. Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, banjali lidadzuka tambala woyamba asanalire n'kukwera minibasi ya ku Blantyre, makilomita pafupifupi 150 kupita, enanso 150 kubwerera, tsiku lomwelo. Chimene adapitira ndicho chazunguza anthu mitu. Kuno munthu akamakwera phiri la Thabwa timadziwa kuti ali ndi wodwala ku Queens, akufuna pasipoti, kapena kuli ukwati wa mbale wake. Awa adapita kuti ana akasewere. Basi. Kumalo kwina kumene kuli akatungwe achitsulo, timagalimoto toyendera batire ndi chinyumba chopopa chija amati jampingi kaso.

Pa mjigo nkhani idayambira pa ndalama. Tsiku loyamba zidamveka kuti aphunzitsi adagulitsa mbuzi imodzi. M'mawa mwake mbuzizo zidakwana ziwiri. Pofika Loweruka inali ng'ombe yathunthu, ndipo padapezeka mayi wina amene mlamu wake adaiona ndi maso ikupita ku Ngabu. Akazi a aphunzitsi atafika ndi ndowa yawo adaseka mpaka kugwira m'chiuno, n'kunena kuti khola lawo lili momwe lidalili, ndalamazo ndi za banki m'khonde zimene akhala akuponya chiyambire chaka. Anzawo sadalekere pomwepo. Wina adafunsa kuti kodi tsiku la amayi mphatso n'kupita kwa ana bwanji, pamene ena onse adalandira zitenje? Mayiwo adayankha kuti tsiku lonse sadakoleze moto, sadasenze ndowa, ndipo adadya tchipisi chokazinga munthu wina iwo atakhala pampando. Pa mjigo padati zii, kenako mayi wachikulire wina adati imeneyo ndiye mphatso, chitenje chimatha.

Za panjira zikufotokozedwa ndi ana eni ake, ndipo pabwalo la sukulu zikukula tsiku ndi tsiku. Wamng'ono, wa zaka zitatu, ataona minda ya nzimbe ya ku Nchalo yopanda malekezero, akuti adafunsa kuti zonsezi atafune ndani. Pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa agogo adamuuza kuti madzi akuwaonawo ndi Shire yemwe uja wa kwathu, ndipo mawa lake adutsa ku Tengani. Mwanayo adawabayibitsa madziwo n'kuwatuma kuti akapereke moni kwa galu wake. Chikwere cha Thabwa ndiye chidawatengetsa. Minibasi ikukhota uku ndi uku, wapakati adayamba kulira kuti makutu ake atseka, wagontha. Wamkulu, amene kunyumba amadzitcha mwamuna, ndiye adayamba kufuna jumbo. Agogo adagwira mpando wakutsogolo ndi manja awiri, maso ali tsinzini, pakamwa pakuyenda pemphero. Atafika pamwamba n'kucheukira kumbuyo, chigwa chonse chili yala pansi, mtsinje ukunyezimira ngati ulusi, ana adakana kuti kumeneko n'kwawo. Adati kwawo kulibe kukongola choncho. Mawu amenewa andikhala pamtima sabata yonse.

Ndipo kudazizira. Anthu a ku Blantyre akudzikupiza ndi mapepala kudandaula dzuwa la Okutobala, ana a ku Tengani adavala majuzi mpaka masana.

Pamsika amayi ogulitsa mandasi ndi mlamba wouma akukonda kwambiri nkhani ya jampingi kaso. Akuti wamng'ono uja atangoiona adabisala kumbuyo kwa chitenje cha amake. Adamva kulira kwa makina opopera mpweya, adaona makoma akufufuma ndi kuphwa, ndipo adatsimikiza kuti chinthucho n'chamoyo, chikupuma, ana akulowawo chikuwameza. Bambo ake adamunyengerera, amake adamulonjeza fanta, osatheka. Adakhala maola awiri akuchiyang'anitsitsa, akuwerenga ngati olowa onse akutuluka. Itatsala pang'ono nthawi yonyamuka ndi pamene adavula tinsapato take n'kulowa yekha, ndipo kumutulutsa idakhala ntchito ya anthu awiri. Wapakati adakwera kavalo wapulasitiki wozungulira kanayi konse, n'kutsika akudzandira koma akupempha kachisanu. Wamkulu sadakhutire ndi kagalimoto ka batire: akuti ngolo ya amalume ake imathamanga kuposa pamenepo. Agogo adadzipatsa okha ntchito. Poona kuti ana onse akuvula nsapato pakhomo la chinyumbacho n'kuzisiya popanda mlonda, adakoka mpando n'kukhala pomwepo, kulondera nsapato za ana a eni ake amene sakuwadziwa n'komwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma chimene agogowo akukamba kwa aliyense wowapatsa moni si zoseweretsazo ayi. Asanabwerere adadzera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, imene idatsegulidwa mu 1966, ndipo pabwalo pake pali mutu wa sitima yakale yoyendera malasha. Tikumbuke kuti ana a ku Tengani amabadwira pafupi ndi njanji, amadumpha zitsulo zake popita kusukulu, amadyetsa mbuzi m'mbali mwake, koma sitima idaleka kudutsa madzi atadula njanjiyo ku Chiromo mu 1997. Akazi a aphunzitsi eni ake anali kamtsikana nthawi imeneyo. Ndiye mdzukulu wamkulu adaima patsogolo pa chimutucho kukamwa kuli yasa, n'kufunsa kuti kodi chimenechi ndicho mwini wa msewu wachitsulo wa kwathu uja? Agogo adamugwira dzanja n'kumuzungulitsa, akumuuza momwe ankakwerera pa siteshoni ya Tengani ndi dengu la nsomba, kudutsa Bangula, kuwoloka Shire pa Chiromo, Makhanga, Sankhulani, Luchenza mpaka Limbe, ndi momwe anthu ankagulitsira nthochi ndi chinangwa pa mawindo. Aphunzitsi akuti amayi awo adalankhula mphindi makumi atatu osapuma, zinthu zimene iwo, mwana wawo, anali asanazimvepo. Pobwerera mnyamatayo adagona pamiyendo pa agogo ake akutchula masiteshoniwo motsatana ngati akuloweza za mayeso.

Pa siteji ya kabaza nkhani yatengedwa ndi bambo wina amene adakhalako ku Joni. Iyeyu akuti za ku Blantyre ndi masanje chabe. Ku Johannesburg kuli Gold Reef City, malo amasewera omangidwa pa mgodi wakale wa golide umene udatsekedwa mu 1971, kumene kasitima kamathamanga m'malere pa njanji yopindikapindika n'kutembenuza anthu mutu pansi miyendo m'mwamba. Anyamata akabaza amamvetsera njinga zili tsamire pamtengo. Mmodzi adafunsa ngati iye adakwerako. Bamboyo adavomera mosabisa kuti adaonera pansi, atanyamula zikwama za ana a bwana wake, ndipo kuti mpaka lero amalakalaka akadapitako ndi ana ake. Anyamatawo adaseka pang'ono n'kusiya, pakuti ambiri a iwo ali ndi ana, ndipo adamva chimene mnzawoyo ankatanthauza.

Madoda a pa bawo ndiwo abweretsa mtsutso weniweni. Iwo sakudandaula kuti ndalama zapita kwa ana, akudandaula kuti zakwera phiri. Akufunsa kuti bwanji osapita nawo ku Majete, konkuno kuchigwa? Mkulu wina amene amatsata nkhani za pa wailesi adayala mbiri yake ngati akuponya nkhomo. Nkhalango ija idatha nyama ndi opha mozemba, njovu osatsala ndi imodzi yomwe. Mu 2003 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziiyang'anira, ndipo chaka chomwecho zipembere zidabwerera. Njovu zidatsatira mu 2006, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018. Azungu amawoloka nyanja kudzaona zimenezi, Mmalawi amalipira zochepa pachipata kuposa mlendo wakunja, koma mwana wa ku Tengani amaidziwa njovu pa chithunzi cha m'buku la sukulu. Wina adaonjeza Lengwe ndi nyala zake pafupi ndi Nchalo. Winanso adati musapite kutali, Mwabvi ili pakhomo pompano kuseri kwa Bangula, ngakhale ndi yaing'ono kuposa nkhalango zonse zotetezedwa za nyama m'dziko muno. Adakumbutsanso kuti dambo lalikulu la Elephant Marsh lidatchedwa choncho chifukwa David Livingstone, podutsa mu 1859, adalemba kuti adaonamo njovu 800.

Apa ndi pamene mlimi wina wa kudimba, amene nthawi yonseyi adangoti phee kuyang'ana bawo, adadzutsa mutu. Adati iye za kulipira pachipata kuti akaone mvuu nkhabe. Mvuu imabwera yokha kudimba kwake usiku, imadya chimanga mpaka kukhuta, ndipo ngati pali wofunika kulipira ndi mvuuyo. Aliyense wofuna kuonetsa ana ake abwere nawo akamuthandize kuimba zitini. Bawo lidaima, anthu akupukuta misozi ya kuseka. Koma mkuluyu adanena zoona zimene alendo sazidziwa: kuno mvuu ndi ng'ona si zokongoletsa, zatilanda chakudya ndi abale. N'chifukwa chake ine ndikuona kuti mwana wa m'chigwa muno afunika kuiona nyama tsiku lina ali pabwino, atakhala m'galimoto pafupi ndi amake, wina akumufotokozera modekha, kuti adziwe kuti dziko lakwawo lili ndi zambiri kuposa mantha.

Ndipo ndili kumbali ya aphunzitsi ndi mtima wonse. Ana a kuno aona zambiri zosayenera msinkhu wawo. Wamkulu uja, pa zaka zake zochepa, wadutsa mu namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, waona makalasi a sukulu atasanduka pogona anthu othawa madzi. Maulendo amene ana ambiri a ku Nsanje amawakumbukira ndi othawira kumtunda usiku, katundu ali pamutu. Ngati kholo lasunga ndalama miyezi khumi kuti mwana akhale ndi ulendo umodzi wonyamuka akuseka n'kubwerera akuseka, ine sindiwerengera mbuzi zake. A pa bawo nawo sadalakwe, ndipo aphunzitsi atamva adati chaka chamawa ndi Majete, akangoti apeze mabanja atatu kapena anayi osonkherana galimoto. Amayi a kwaya ya kutchalitchi kwawo ayamba kale kufunsana kuti Sienta imodzi ingatenge ana angati.

Pakadali pano zotsatira za ulendowu zikuoneka m'makomo. Matiresi atatu m'mudzi mwa aphunzitsi atulutsidwa panja mwakabisira n'kudumphidwa mpaka kuphwa, ndipo eni ake akudziwa bwino amene adabweretsa nzeruyo. Kuseri kwa msika ana amanga jampingi kaso yawoyawo ya matumba odzaza mankhusu, polowera akulipiritsa masau asanu, ndipo lamulo lovula nsapato likutsatidwa mwamphamvu ngakhale kwa amene alibe nsapato: ameneyo amapukuta mapazi. Magalimoto a waya atsika mtengo, aliyense akufuna sitima. Dzulo ndidakumana nayo ina ya zitini zisanu za sadini zomangidwa ndi luzi, woyendetsa wake akukuwa kuti Sankhulani, Sankhulani, otsika atsike.

Wagolosale wina wamva zonsezi ndipo akuti pa Khirisimasi abwereka jampingi kaso yeniyeni ku Nchalo kapena ku Blantyre, aiike pabwalo la mpira. Mafunso amugwera ngati matalala. Magetsi akazima ana ali m'kati zitha bwanji? Wayankha kuti ali ndi jenereta. Nanga pulasitiki ija padzuwa la Disembala la kuno siwotcha ana mapazi? Akuti azitsegula m'mawa ndi madzulo okha. Nanga minga, nanga mbuzi? Apo wayamba wakanda mutu. Agogo aja atumiza kale uthenga kudzera mwa mdzukulu wawo kuti za nsapato asavutike nazo, mpando abwera nawo okha.